Dzina Loti Agogo Onse Awiri Aliitane

Kwathu kuno dzina la mwana woyamba si la mwana yekha. Likangotchulidwa, mayi amasiya kuitanidwa ndi dzina lawo la pa utsikana n'kukhala amake Chisomo kapena amake Pemphero, ndipo bambo nawo amasanduka abambo ake a uje. Anzathu oyandikana nawo nyumba, a kutchalitchi, ngakhale ogulitsa masamba pamsika amakuitanani choncho mpaka imvi. Ambirife sitiziganizira zimenezi, chifukwa dzina lililonse limene banja lingasankhe limakhala lozolowereka m'makutu a onse. Koma m'nyumba imene bambo ndi mayi anayamwira zinenero zosiyana, nkhani ya dzina imafika pena. Mayi amene anasiya kwawo adzamva mawu a chinenero chiti anthu akamamuitana moyo wake wonse?

Nyumba yathu ndi yotero. Mmodzi wa ife, bambo a mwana, ndi Mngoni wa ku Ntcheu. Winayo, mayi a mwana, anabadwira ndi kukulira ku Beira m'dziko la Mozambique, m'banja limene akuluakulu amayankhulana Chisena koma ana analeredwa m'Chipwitikizi. Tinakumana ku Tete tikugwira ntchito, ndipo lero tikukhala ku Blantyre. Mayi a mwana anaphunzira Chichewa, amagula nacho pamsika ndi kuimba nacho m'kwaya, koma akamawerenga ndalama chamumtima kapena akadzidzimuka, chimatuluka ndi Chipwitikizi. Kuti tikaone makolo ku Beira timadzera ku Mwanza ndi Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kupyola Chimoio, ndipo ulendo wotere sutheka chaka chilichonse.

Titauzidwa ku sikelo kuti tikuyembekezera mtsikana, tinagwirizana awirife kuti dzina lake loyamba likhale la Chipwitikizi. Chichewa mwanayu adzachipeza paliponse, pabwalo, kusukulu ndi ku Sukulu ya Sabata. Chipwitikizi chili ndi khomo limodzi lokha lolowera m'moyo wake, ndilo pakamwa pa mayi ake. Tinkadziwa kuti akuluakulu amati sagula mbereko mwana asanabadwe, choncho sitinafune kutchula dzina poyera nthawi isanakwane. Komabe tinafuna kuti zokambirana zithe mwana asanabwere. Masiku a m'chikuta mayi amakhala wotopa, wosowa tulo, akuphunzira kuyamwitsa, ndipo amayi ambiri mtima umakhala wosachedwa kusweka. Si nthawi yomuika pakati pa amayi ake omubala ndi apongozi ake.

Zimene ananena a ku Ntcheu

Tinayamba ndi agogo a ku Ntcheu, pakuti kwa Angoni dzina limayembekezeka kuchokera kuchimuna. Anamvetsera mpaka tinamaliza, kenako anayang'ana mwana wawo. "Iwe, maina atha kwathu kuno kuti ukatole la Apwitikizi? Sukudziwa zimene anthu amenewo anachita?"

Sanali kuyankhula zongomva pa wailesi. Kwawoko msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo pa Lizulu ukangowoloka tala wafika ku Mozambique. Iwo anakula akumva nkhani za anthu amene anathawa chibalo ndi zikwapu za atsamunda a Chipwitikizi n'kudzakhala kuno. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, iwo anagawana ufa ndi munda ndi ena mwa othawawo. Anthu a ku Mozambique amawakonda ngati abale. Chimene sankachifuna ndi chinenero cha amene anazunza abalewo.

Sitinatsutse mbiriyo, chifukwa ndi yoona. Tinangoikapo zinthu ziwiri. Choyamba, m'banja lathu lomwelo muli a Grace, a Mercy ndi a Agnes, ndipo maina amenewa nawonso anabwera ndi azungu amene anatilamulira, koma lero palibe amawaona ngati achilendo. Chachiwiri, Chipwitikizi chinalowa kale m'nyumba zathu osagogoda. Apwitikizi anali ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo mawu awo anayenda ndi amalonda mpaka kuno. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, chipewa ndi chapéu, kapitawo ndi capitão, mbatata ndi batata. Chilandirireni ufulu pa 25 June 1975, dziko la Mozambique linasunga Chipwitikizi kukhala chinenero cha boma, ndipo lero ana ambiri a m'mizinda ngati Beira ndi Maputo amayamba kuyankhula m'chinenero chimenechi. Kwa mayi a mwana wathu, si chinenero cha chikwapu. Ndi chimene amayi awo ankawatonthozera nacho akadwala malungo.

Agogo anakhala chete kwa kanthawi, ndipo atayankhula anayankhula ndi mpongozi wawo. "Inu mwana wanga, ndamva. Koma likhale dzina loti lilime langali likwanitse. Sindifuna kumaitana mdzukulu wanga kuti iwe ngati mwana wa eni." Tinavomera, ndipo tinawapempha kuti dzina lachiwiri, la Chichewa, lidzachokere kwa iwo monga mwa mwambo.

Zimene ananena a ku Beira

Tinkayembekezera kuti ku Beira nkhaniyi ikhala yosavuta, koma kumeneko ndiko kunali kolemera. Agogo a kumeneko dzina lawo ndi Maria da Conceição, ndipo atangomva kuti tikufuna dzina la Chipwitikizi anaona kuti nkhani yatha kale: mdzukulu woyamba wamkazi atenge dzina la agogo ake.

Amene sanazolowere maina a Chipwitikizi adziwe kuti ambiri mwa maina akale a akazi ndi maudindo amene mpingo wa Katolika umapereka kwa Mariya. Dores amatanthauza zowawa, kunena za zowawa za Mariya. Assunção akunena za kutengedwa kwake kupita kumwamba. Lurdes akuchokera ku Lourdes, tauni ya ku France. Conceição, liwulo palokha, ndi kutenga pathupi, ndipo limakumbutsa chiphunzitso chakuti Mariya analibe tchimo lobadwa nalo kuyambira m'mimba mwa amayi ake. Chiphunzitsochi anachilengeza ndi Papa Pius IX mu 1854, ndipo chikondwerero chake chimakhala pa 8 December. Agogo athuwo anabadwa m'mwezi umenewo, ndi Akatolika okhulupirika, ndipo dzina lawo amalinyadira.

Ife sitikhulupirira chiphunzitso chimenechi, ndipo sitinafune kuti mwana wathu akadzafunsa tanthauzo la dzina lake tidzayambe ndi mawu oti "koma ife sitivomereza". Panalinso vuto la lilime. Mathero a dzinali amatulukira m'mphuno, mawu amene Chichewa chilibe, ndipo agogo a ku Ntcheu atayesa katatu anangoseka n'kugwedeza mutu.

Kukana dzina la kholo si chinthu chaching'ono. Mayi a mwana anaimba foni okha ndipo ananena zoona zake mosazungulira, kuti timawalemekeza, kuti sitikunyoza chikhulupiriro chawo, koma dzinali sitingathe kulipereka ndi mtima wonse. Kenako anawapempha chinthu china. "Mãe, tiuzeni maina a akazi a m'banja mwathu, amene munawadziwa ndi kuwakonda. Tidzasankha mwa amenewo."

Panapita milungu iwiri foni ili zii. Inali milungu yovuta, chifukwa mayi woyembekezera amene ali kutali ndi kwawo amafuna kumva mawu a amayi ake kuposa nthawi ina iliyonse. Sitinawakakamize, ndipo sitinabweze mawu athu. Tinkangotumiza moni ndi kuwauza mmene ku sikelo kwayendera. Tsiku lina madzulo panabwera uthenga wa mawu pa WhatsApp, wautali ndithu. Munali maina asanu, ndipo dzina lililonse linabwera ndi mbiri ya mwini wake.

Maina asanu pa lilime la Chichewa

Tinalemba mainawo papepala ndipo lililonse tinalifunsa mafunso atatu. Likutanthauza chiyani? Likumveka bwanji pakamwa pa munthu woyankhula Chichewa? Lidzaoneka bwanji likalembedwa ndi munthu wosadziwa Chipwitikizi?

Loyamba linali Ana, dzina la azakhali. Ndi dzina lalifupi, lokongola, ndipo m'Baibulo la Chipwitikizi ndi mmene amalembera Hana, amake a Samueli. Koma tangoganizani mayi ataima pakhonde ku Ntcheu n'kufuula kuti "Ana!" Bwalo lonse la ana lingathamangire kwa iye. Ndipo kukhala amake Ana kungamveke ngati mwambi.

Lachiwiri linali Inês, lomwe ndi Agnes wa Chipwitikizi, lochokera ku liwu la Chigiriki lonena za kuyera mtima. Eni ake amalitchula ngati "Inesh", chifukwa s wa kumapeto amamveka ngati sh. Kuno bwenzi lili "Inesi" kapena kungoti "Ine", ndipo tinaona kale mmene anzake a kusukulu akanamuvutitsira: "Dzina lako ndani?" "Ine." "Eya, iweyo, dzina lako ndani?"

Lachitatu linali Fátima. Kwa agogo a ku Beira dzinali limanena za tauni ya ku Portugal kumene mu 1917 ana atatu oweta nkhosa ananena kuti aona Mariya. Kuno ambiri akalimva amaganiza za abale athu achisilamu, pakuti Fatima linali dzina la mwana wamkazi wa Muhammad, ndipo dzina la tauniyo linachokeranso ku Chiarabu komweko. Ndi dzina laulemu ku mbali zonse ziwiri, koma mbali zonsezo likunena nkhani imene si ya m'nyumba mwathu.

Lachinayi, Graça, tinalikonda kwambiri. Tanthauzo lake ndi Chisomo, ndipo Amalawi ambiri analimvapo chifukwa cha Graça Machel, amene anali nduna ya zamaphunziro ku Mozambique kuyambira mu 1975, mkazi wa Samora Machel, ndipo mu 1998 anakwatiwa ndi Nelson Mandela. Vuto lake ndi kamchira kali pansi pa c, kamene kamachititsa kuti chilembocho chimveke ngati s. Kamchirako kakatayika, monga zimachitikira kawirikawiri polemba m'kaundula kapena pa kompyuta, dzina limasanduka Graca, ndipo wowerenga amati "Graka". Kuwonjezera apo tinkadziwa kuti pasanathe mwezi aliyense bwenzi akuti Grace. Mayi a mwana akanakhala amake Grace, ndipo Chipwitikizi chimene tinkafuna kusunga chikanamezedwa ndi Chingerezi.

Lachisanu linali Luzia. Mu uthenga uja, pofika pa dzinali mawu a agogo anatsika. Luzia anali mkulu wawo, amene anasiya sukulu kuti awalere amayi awo atamwalira, ndipo ankagulitsa nsomba zouma kuti mng'ono wake aphunzire. Dzinali likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuwala, limene m'Chipwitikizi ndi luz. N'zoona kuti Akatolika ali ndi woyera wa dzina limeneli, monga zilili ndi pafupifupi dzina lililonse lakale la ku Ulaya, kuphatikizapo Agnes ndi Monica amene tili nawo m'mipingo yathu. Koma liwulo palokha silinena chiphunzitso chilichonse. Likungoti kuwala.

Pa lilime, Luzia linakhoza mayeso onse. M'Chichewa pafupifupi mphatikizo uliwonse wa mawu umathera pa a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake Beatriz kuno angasanduke "Biyatilizi" ndipo Clara angakhale "Kilala". Luzia alibe zilembo zounjikana zotero. Alibenso r, amene ife timamusinthanitsa ndi l osazindikira. Timakokanso mawu pa mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo Luzia m'Chipwitikizi amakokedwa pomwepo, pa zi. Mnzake wofanana naye, Lúcia, eni ake amamukoka poyambirira, choncho kuno akanasintha kamvekedwe. Luzia amamveka chimodzimodzi ku Beira ndi ku Ntcheu, ndipo polemba alibe kachizindikiro kalikonse koti katayike.

Tinafufuzanso mawu a Chichewa amene ali pafupi nalo. Alipo a kuluza, ndipo tikudziwa kuti tsiku lina pa masewera a fulaye wina adzamuimbira kuti waluza. Tinaona kuti zimenezo n'zopiririka, pakuti palibe dzina limene ana a sukulu angalephere kulipotoza. Agogo a ku Ntcheu anamva liwu lina. Titawatchulira anabwereza kawiri, kenako anati, "Luziya. Ngati luzi lomangira denga? Limenelo ndilitha."

Tsiku lotuluka m'chikuta

Mwana anabadwa bwino, ndipo mchombo unagwa pa tsiku lachisanu ndi chinayi. Agogo a ku Ntcheu anabwera ndi nkhuku ndi ufa woyera, ndipo a ku Beira tinawaika pa foni ya kanema kuti aone zonse. Dzina la Luzia anatchula ndi a ku Beira, ndipo atalitchula sanathe kupitiriza kwa kanthawi. Kenako a ku Ntcheu ananyamula mwana n'kunena kuti, "Ine ndikuti Tiyanjane."

Maina athu a Chichewa amayankhula. Mavuto, Ndaziona ndi Nditani amanena zimene zinali m'mudzi mwana akubadwa, ndipo nthawi zina amakhala mawu olasa munthu wina amene sangayankhe. Choncho bambo a mwana anafunsa mwaulemu ngati dzinali likunena za zokambirana zathu zija. Agogo anati ayi, akunena za mitundu iwiri imene yakumana mwa mwanayu, ndipo ngati wina walimva mwina, alimve ndithu, silimupweteka.

Sitinganene kuti aliyense anapeza zonse zimene ankafuna. Agogo a ku Beira mpaka lero nthawi zina amati mdzukulu wachiwiri akadzakhala mtsikana tidzakambirananso za Conceição, ndipo ife timangomwetulira, iwo akudziwa yankho lathu. Achibale ena a ku Ntcheu amangoti Tiya, dzina la Luzia salitchula. Sitilimbana nawo, pakuti onsewo ndi maina ake.

Kwa mabanja onga lathu

Mabanja otere ndi ambiri, makamaka m'maboma a m'malire monga Mulanje, Mwanza, Nsanje, Dedza ndi Mangochi. Kwa amene mukufuna dzina la Chipwitikizi, nazi zochepa zimene zingakuthandizeni.

Dziwani katchulidwe musanakonde kalembedwe. Zilembo nh zimamveka ngati ny wathu, choncho Terezinha savuta konse. Zilembo lh zimamveka pafupi ndi ly. Ch amamveka ngati sh, osati ngati ch wa m'Chichewa, ndipo s ndi z a kumapeto kwa dzina amateronso. Kachizindikiro ka pamwamba pa chilembo, monga mu Amélia kapena Lídia, kamasonyeza pokokera mawu. Mukapeza dzina, musangolitchula awirinu. Pemphani munthu wamkulu wa kumudzi aliitane mokweza ngati akuitana mwana ali kudambo, ndipo mverani chimene chikutuluka.

Funsani tanthauzo ndi chiyambi chake. Maina ambiri a Chipwitikizi ali ndi anzawo m'Chichewa: Esperança ndi Chiyembekezo, Felicidade ndi Chimwemwe, Benedita ndi wodalitsika, Aurora ndi m'bandakucha. Ena ndi a m'Baibulo amene timawadziwa kale, monga Ester, Débora, Raquel ndi Rute, ndipo lomalizali limalembedwa chimodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri.

Gwirizananinso za maina a makolo. Mwambo wa Chipwitikizi umalola mwana kutenga dzina la banja la mayi kenako la bambo kumapeto, ndipo ku Portugal lamulo limalola maina awiri a mwana ndi a makolo osapitirira anayi. Kuno tinazolowera la bambo lokha. Ife tinaika onse awiri, la mayi patsogolo, kuti akadzapita ku Beira asadzakhale mlendo papepala. Kuyambira mu 2015 kulembetsa kubadwa kwa mwana ndi lamulo m'dziko muno, choncho lembani dzina lonse papepala ndi zilembo zazikulu musanapite kukachira, ndipo onetsetsani kuti lalembedwa mofanana m'buku la sikelo, pa chiphaso cha kubadwa ndi pa pasipoti. Mwana amene adzawoloke malire kawirikawiri, chilembo chimodzi chosiyana chingadzamuchedwetse pa zipata.

Chachikulu, patsani agogo a mbali zonse ntchito yeniyeni. Kuwauza dzina mutasankha kale n'kosiyana ndi kuwapempha kuti abweretse maina a anthu awo. Ife tikanatsegula intaneti tikanapeza maina mazanamazana okoma, koma sitikanadziwa za mayi wogulitsa nsomba zouma amene anaphunzitsa mng'ono wake, ndipo mwana wathu sakanakhala ndi mbiri imeneyo yoti adzauzidwe.

Dzina lokha siliphunzitsa chinenero. Mwana angathe kukhala Luzia koma osatha kupereka moni kwa agogo ake a ku Beira. N'chifukwa chake tinagawana ntchito: mayi amamuyankhula Chipwitikizi pomusambitsa, pomudyetsa phala ndi pomugoneka, ndipo bambo amamuyankhula Chichewa. Ena anatichenjeza kuti timusokoneza mutu, koma ana aang'ono amatha kuphunzira zinenero ziwiri nthawi imodzi, ndipo kusakaniza mawu poyamba si matenda. Panopa ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Akafuna kumwa amauza mayi ake kuti água, ndipo akaona kuti akuchedwa amatembenukira kwa bambo ake n'kunena kuti madzi. Lamlungu lililonse madzulo timaimbira foni ku Beira kuti amve mawu a vovó wake, ndipo tayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti chaka chamawa, mvula ikatha, tikamuonetse kumene dzina lake linachokera.